Malo a Abambo pa Tebulo la Adona

Abambo anga anagwira ntchito yoperekera zakudya kwa zaka zoposa makumi awiri m'nyumba ina yakale pakati pa tauni ya Pretoria, ndipo anafera momwemo. Ndikati momwemo sindikukokomeza. Anagwa masana ena m'nyengo yozizira, thileyi ili m'manja, pakati pa chitseko cha kukhitchini ndi tebulo la pawindo. Amene anaona akuti mbale sizinasweke n'komwe: anayamba azitula pansi bwinobwino, kenako n'kugona chammbali. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Garsfontein, ndipo uthenga unandipeza ndikusita malaya.

Nyumbayo inali lesitilanti ya zakudya za ku Mekisiko. Inamangidwa nthawi ya ngolo za ng'ombe, makoma ochindikala, khonde lalitali, pansi pa matabwa olira munthu akaponda. Mwini wake anali mayi wachikulire, wamfupi, amene anabwera ku Joni ali mtsikana atakwatiwa ndi mzungu wokonza njanji. Mwamunayo atamwalira, mayiyo anasandutsa nyumba yawo malo odyera n'kumaphika za kwawo. Abambo ankawatchula kuti Adona, ndiye ifenso tinkatero.

Zakudya zakezo tinkazidziwa ndi mphuno basi. Abambo akafika kwathu ku Mamelodi, jekete yawo yoyera inkanunkhira chimanga chootcha ndi tsabola wofuka utsi. Ankatiseketsa pofotokoza. Akuti anthu aja chimanga amachiphika ndi laimu, yemweyu timapakira nyumba, kenako n'kuchipera n'kupanga timikate topyapyala. Mapeyala amathira mchere ndi anyezi m'malo mwa shuga. Nkhuku amaimiza mu msuzi wa chokoleti. Amayi ankagwira pakamwa n'kunena kuti, "Ndiye azungu enieni amavala taye kuti akadye zimenezo? Kusowa chochita kumeneko." Zoti ife tikadyeko sizinkabwera n'komwe m'maganizo. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola munthu wakuda kukhala pampando m'malo ngati amenewo.

Maliro tinaika ku Mamelodi komweko, poti kunyamula mtembo mpaka kwathu ku Ntcheu sitikanakwanitsa. Adona sanabwere. Anatuma mkulu wa ophika awo, bambo wa ku Mulanje amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, atanyamula jekete ya Abambo. Potsanzika, bamboyo anati Adona akupempha chithunzi cha malemu. Amayi anapereka chomwe Abambo anajambulitsa ku Marabastad atavala suti yobwereka. Palibe anafunsa kuti n'chachiyani.

Patapita miyezi ingapo, mitengo ya jakaranda itayamba kuyoyola maluwa m'misewu, wophika uja anabweranso. Adona akutiitana, ine ndi Amayi, kuti tikadye kulesitilanti Lolemba masana, tsiku lomwe amatseka. Kunali kumayambiriro kwa Novembala. Ndinapempha tchuthi kwa misisi wanga. Amayi anachapa zakuda zawo zamaliro, n'kuzisita kawiri. Titafika tinalunjika kukhomo la kuseri mwachizolowezi, koma Adona anatuluka, n'kugwira Amayi dzanja, n'kutizungulitsa kuti tilowere kutsogolo. Makatani onse anali otseka kuti odutsa mumsewu asaone.

M'chipinda chodyera munali kamdima ngakhale kunja dzuwa linali paliwombo. Matebulo anali atawakankhira kukhoma, kupatula limodzi lomwe anatiyalira ife, chakudya chikufuka nthunzi. Koma maso anga sanapite pamenepo. Pakona, cha kumene Abambo anagwera, panali tebulo lina losanjikiza ngati masitepe, lokutidwa ndi nsalu yoyera. Makandulo ambirimbiri akuyaka, lubani akufuka. Maluwa achikasu onunkha anali atawathothola n'kuwamwaza pansi, kupanga kanjira kochokera pakhomo mpaka patebulopo. Panali mbale ya mchere, kapu ya madzi, ndi buledi wokhala ndi timafupa ta ufa topingasa pamwamba. Ndipo panali zigaza. Zigaza zing'onozing'ono zoyera, maso ake a pepala lonyezimira, mano onse pamtunda. Pakati pake panaima zithunzi zitatu: mzungu wandevu, khanda lovala zoyera, ndi Abambo anga mu suti yawo yobwereka. Chigaza chomwe chinali patsogolo pawo chinali ndi dzina lawo pamphumi.

Munthu wa kwathu safunika kumuuza zomwe ndinaganiza. Ngakhale ndinachoka ku Ntcheu ndili wamng'ono, ndinakula ndikumva za eni zigayo ndi magolosale amene amakhwimira anthu. Munthu amafa mwadzidzidzi ali bwinobwino, abale n'kukaika thunthu la nthochi akuyesa mtembo, pomwe mwini wake ali kuseri kwa bizinesi, lilime lodula, akugwira ntchito osapuma. Ndondocha. Ndinayang'ana chigazacho, ndinayang'ana malo amene Abambo anagwera, ndipo zonse zinangolumikizana m'mutu mwanga.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho ndipo ndakalamba nawo. Amayi anali atangoima, akuyang'ana chithunzi cha amuna awo, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikanatseka pakamwa, akanakhala pansi n'kudya, chifukwa anali munthu waulemu. Koma ndinayankhula.

"Amayi, tiyeni tizipita. Mayi ameneyu anawakhwimira Abambo. Akuwagwiritsabe ntchito muno."

Ndinadutsa pa kanjira ka maluwa kaja, n'kutsomphola chithunzicho. Kandulo imodzi inagwa. Adona anatambasula manja, akuyankhula Chingerezi chawo chothyokathyoka chosakaniza ndi chakwawo, misozi ili mbwembwembwe, koma ine ndinkangoona mfiti yogwidwa. Wophika uja anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa epuloni.

"Mwana iwe, tadikira. Zigazazo ndi za shuga. Ndi mwambo wa kwawo, tamvera kaye."

"Inu bambo, mumadya m'manja mwawo. Munganene chiyani?"

Ndinawakoka Amayi n'kutulukira kukhomo la kuseri. Chakudya chija sitinachikhudze.

Tinabwerera pa sitima. Amayi anafumbatira chithunzi pachifuwa, akuyang'ana pawindo. Titatsala pang'ono kutsika, ananena motsitsa, ngati akudziyankhulira okha, kuti, "Nthawi ngati ino amakhala akupukuta matambula." Ndinadziwa kuti akunena Abambo, koma ndinaganiza kuti zitha ndi tsikulo.

Sizinathe. Kuyambira pamenepo Amayi anayamba kukhala ndi wotchi ya kulesitilanti m'mutu mwawo. Ikakwana thwelofu ankati, "Ayamba kunyamula mbale." Loweruka ankakhala osasangalala tsiku lonse, poti ndi tsiku lomwe kumadzaza anthu. Kukazizira ankadandaula kuti jekete yawo ili kuno, ndiye avala chiyani. Kumanda anasiya kupita. Nditawapempha kuti tikalambule, anati, "Ndikalambule pa thunthu la nthochi?" Chaka chitatha, amayi a mvano anabwera kuti adzawavule zakuda, koma anakana. Anati munthu savula zamaliro pomwe maliro ake sanachitike. Abusa anapemphera. Mneneri wina wa Zioni anawapatsa madzi a m'botolo ndi zingwe zomanga m'chiuno. Madzulo ankakhala pakhomo akudzisisita miyendo, ngakhale sanayende kulikonse.

Zoona zake ndinazimva patatha zaka ziwiri, pa maliro a munthu wina wa mpingo wathu. Wophika uja anandikokera pambali, kuseri kwa tenti, ndipo ulendo uno ndinamvera. Anati tebulo limene lija Adona amaliyala chaka chilichonse, masiku awiri oyamba a Novembala, kuyambira iye asanayambe ntchito. Kwawo amakhulupirira kuti masiku amenewo akufa amaloledwa kudzacheza kwa abale awo. Maluwa ndi owasonyeza njira, madzi ndi oti amwe poti achokera kutali, ndipo zigaza zija ndi maswiti, ana amadya akuseka. Mzungu wandevu anali amuna awo, khanda linali mwana wawo yekhayo.

"Pa zaka zonsezi," anatero, "sindinaonepo munthu amene si wa magazi awo akuikidwa patebulo paja. Bambo ako okha. Ndiye iwe n'kukawatcha mfiti m'nyumba mwawo."

Ndinachita manyazi oti ndikanatha kulowa pansi. Tsiku lomwelo ndinakawafotokozera Amayi zonse, mawu ndi mawu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana modekha.

"Paja unanena wekha kuti bambo amene aja amadya m'manja mwawo."

Mawu anga omwe. Ndinayesa kangapo m'zaka zotsatira, mokalipa, mopembedza, molira, koma chomwe ndinadzala ndi kamwa langali tsiku limodzi chinali chitazika mizu. Kupita kwa Adona kukapepesa ndinkangoti mawa. Ndinakwatiwa, ndinabereka ana, ndinasintha ntchito kupita kudera la Irene, n'kubwereranso ku Garsfontein. Ndikadutsa m'tauni ndinkalambalala msewu umenewo. Ndisabise, nanenso sindinali mfulu kwenikweni. Ndinkadziwa kuti ndi shuga, komabe ndikamva fungo la chimanga chootcha pa siteshoni ndinkacheuka.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zikwangwani zoletsa akuda zinayamba kuzimiririka m'malo ena, ndipo tinamva kuti m'malesitilanti ambiri aliyense akulowa. Nthawi imeneyo Amayi anali chigonere, mtima utakula, mapazi atatupa, akadali ndi duku lawo lakuda kumutu. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandigwira pamkono.

"Akuti tsopano akuda akulowa. Pita ukadye. Ukakhale poonekera chitseko cha kukhitchini. Ukandionere ngati akadali momwemo. Ine sindingafe ndisanadziwe."

Ndinadikira dala sabata yoyamba ya Novembala. Lachinayi, tsiku lopuma la ife antchito a m'nyumba, ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kukwera basi. Nyumba ija inali itazunguliridwa ndi nyumba zitalizitali za maofesi, koma yokhayo sinasinthe. Nditaponda pakhonde, bambo wina wa mtundu wa Chipedi wovala jekete yoyera anandilozera kuseri, akuganiza kuti ndikufuna ntchito. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzadya. "Eish, pepani Mma," anatero, n'kunditsegulira chitseko. Jekete yakeyo sindinafune kuiyang'ana kawiri.

Azungu amene ankadya anatukula mitu, kenako n'kuweramiranso m'mbale zawo. Ndinasankha tebulo loyang'anizana ndi chitseko cha kukhitchini, monga anandilamulira Amayi. Pepala la zakudya linali ndi mayina oti lilime langa silikanatha, ndiye ndinangoitanitsa mmene Abambo ankafotokozera: timikate ta chimanga tija, mapeyala a mchere, ndi nkhuku ya msuzi wa chokoleti. Bambo uja anamwetulira, akuti ndikuoneka kuti ndimazidziwa.

Tebulo la pakona linali litayalidwa. Makandulo, maluwa achikasu, zigaza, zonse monga tsiku lija, koma tsopano makatani anali otsegula ndipo odya ankazitenga ngati zokongoletsa basi. Mzungu wandevu analipo, khanda linalipo. Pamalo pachitatu panalibe chithunzi. Panali kapu yachitsulo yobenthuka m'mphepete, ya mtundu womwe antchito ankamwera kukhitchini, muli tiyi wozizira. Pambali pa tebulolo panali mpando wopanda munthu, utatembenuzidwa kuyang'ana m'chipindamo.

Chakudya chitabwera ndinadya pang'onopang'ono. Timikate tija tinali totentha, tofewa, ndipo kukoma kwake kunali fungo lenileni la jekete ya Abambo. Msuzi wakuda uja sunali wotsekemera monga tinkaganizira. Unali wowawa pang'ono, wa utsi, tsabola wake wobwera mochedwa. Mapeyala a mchere ndinawamaliza onse, ndipo ndinaganiza kuti Amayi akanandiona akanati ndasanduka mzungu wosowa chochita. Chitseko cha kukhitchini chinali cha mtundu wotseguka uku ndi uku, ndipo chikatsekeka chinkapitiriza kugwedera chokha kangapo. Nthawi iliyonse chikagwedera, ndinkatukula maso. Thabwa lina cha pawindo linkalira ngakhale popanda woponda. Ndikudziwa kuti nyumba zakale zimatero kukatentha. Ndinayang'anabe.

Ndili pakati pa kudya, wophika wa ku Mulanje uja anasuzumira, mutu wonse mbuu. Sanandipatse moni. Anabwerera, ndipo posakhalitsa anatuluka akukankha njinga ya olumala. Adona anali atafota, maso atachita ng'ala, shawelo lakuda paphewa. Anawaimika pambali panga. Anandigwira nkhope ndi manja awo ozizira, n'kusisita pamphumi.

"Mphumi ya bambo ako," anatero. "Tsiku lija sunadye. Idya."

Ndinali nditakonza mawu opepesa kwa zaka khumi, koma onse anakana kutuluka. Chomwe ndinakwanitsa ndi kufunsa za kapu ija. Anati ndi yomwe Abambo ankamwera, tiyi wa shuga wambiri, ataimirira pafupi ndi sinki. Chithunzi nditachitenga, anayamba kuika kapuyo.

"Nanga mpandowo?"

"Amachokera kutali. Amafika atatopa. Akhale pansi, adye, apume, kenako abwerere kwawo. Sitiwagwira, mwana wanga. Amabwera akafuna, amapita akafuna."

Ndinalira pamaso pa azungu onse aja, ndipo sindinapukute. Komanso mkwiyo wanga wakale unadzuka, ndiuvomereze. Mumtima ndinati, zaka zoposa makumi awiri munthu akuzungulira matebulo anu ataimirira, mpando mwadzamupatsa atafa. Ndinatsala pang'ono kunena. Ndinayang'ana manja awo ofota ali pa shawelo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinameza mawu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Adona anamwalira chaka chotsatira, ndipo kupepesa kwanga sanakumve.

Wophika uja anandikulungira timikate tingapo mu pepala kuti ndikawapatse Amayi. Ndinafika ku Mamelodi dzuwa likadali m'mwamba, ana akusewera mpira mumsewu. Amayi anali maso, atatsamira pilo, akuyang'ana kuchitseko. Ndinawaonetsa phukusi, koma sanalitembenukire n'komwe.

"Wawaona?"

M'basi monse ndinali nditakonza zowauza kuti mulibe aliyense, kuti ndayang'ana mpaka kukhitchini, kuti Abambo ali kumanda kuno akugona. Koma ndinali nditawauza zimenezo kwa zaka zonsezi, ndipo sanandikhulupirirepo. Ndinakhala pamphepete mwa bedi.

"Ndawaona, Amayi."

Anatseka maso.

"Akunyamulabe mbale?"

"Ayi. Anasiya. Pali anthu ena tsopano. Iwo anali atakhala pampando, pakona, akumwa tiyi. Akuti amangobwera kamodzi pachaka kudzacheza, akafuna. Palibe akuwagwira."

Maso awo anali chitsekere, mwakuti ndinaganiza kuti agona. Ndinali ndi mantha, chifukwa ndinali nditanamiza munthu amene watsala pang'ono kukaona yekha. Kenako anatsegula maso n'kundiyang'anitsitsa, monga ankachitira ndili mwana akafuna kudziwa ngati ndaba shuga.

"Nsapato anavula?"

"Anavula, Amayi."

"Ndiye bwino. Zinkawathina zimene zija."

Anakweza dzanja kumutu, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya duku lakuda lija, koma zala zawo zinali zotupa. Ndinawamasulira ndine.